Lipoti la phunziro la zipani, zisankho ndi zofalitsa nkhani m'kalasi la Fomu 3 ku Ntcheu

Lipoti ili likufotokoza ntchito imene ndidagwira ndi ophunzira a Fomu 3 pasukulu ina ya CDSS m'boma la Ntcheu, m'teremu imene idatsegulidwa chisankho cha pa 16 September 2025 chitangochitika. Ndimaphunzitsa Social Studies ndi History. Ndalilemba kaamba ka aphunzitsi anzanga amene mutu wa ndale amauopa, n'kumangolembetsa manotsi pabolodi kuti udutse msanga. Ndikufuna aone zimene zimachitika munthu ukaugwira mutuwu ndi manja awiri, zokoma ndi zowawa zomwe.

Kalasi ndi vuto lake

M'kalasimo muli ana oposa 70, a zaka zoyambira 15 mpaka 19. Ochepa okha ndi amene adali atakwanitsa zaka 18 ndipo adavota koyamba, ena onsewo adzavota mu 2030. Mabuku ndi osowa, limodzi limadutsa m'manja ambiri. Foni siloledwa pasukulu, koma madzulo pafupifupi mwana aliyense amakhala pambali pa foni ya achimwene ake kapena ya amalume, ndipo wailesi ndiye imamveka khomo ndi khomo.

Ntcheu ali m'chigawo chapakati koma adachita malire ndi Balaka, Neno ndi Mangochi. Ndi kwawonso kwa malemu Saulos Chilima, amene adaikidwa m'manda kwa Nsipe mu June 2024. Choncho padesiki imodzi pamakhala mwana wa m'banja la MCP, wina wa DPP, wina wa UTM, ndipo sipalephera wa UDF. Ana ambiri chipani amachitenga ngati mfunda: umabadwa nacho, suchifunsa mafunso, ndipo wochinyoza wanyoza makolo ako.

Silabasi imafuna kuti mwana adziwe tanthauzo la demokalase, ntchito za zipani, zoyenereza chisankho kukhala chamtendere ndi chachilungamo, komanso ntchito za ofalitsa nkhani. Izi ana amaloweza bwinobwino ndipo pamayeso amalemba. Koma nditawapatsa funso limodzi loti ayankhe osalemba dzina, lakuti voti imene munthu waponya m'bokosi imayenda bwanji mpaka dzina la wopambana limveke pawailesi, mayankho adandidandaulitsa. Ena adalemba kuti mabokosi amapita ku Lilongwe kukawerengedwa. Ena adati amawerenga ndi asilikali. Angapo adangolemba kuti "amabera basi". Chonsecho sukulu yathu yomweyi ndi malo ovotera, ndipo mavoti a anthu a m'midzi yawo adawerengedwa m'chipinda chomwe ankalemberamo yankholo, pamaso pa mamonita a zipani zonse.

Apa m'pamene ndidaona pagona vuto. Mwana amene sadziwa njira imene voti imayendamo alibe poyambira akauzidwa kuti "abera". Amavomera kapena kukana potengera kuti wanenayo ndi wa mbali iti. Ndidatsimikiza kuti teremu yonse igone pa kugwira zinthu zenizeni: kaundula, pepala lovotera, pepala la zotsatira, nkhani ya pawailesi, uthenga wa pa WhatsApp. Matanthauzo oloweza aja abwere pambuyo.

Ndidawauza pachiyambi pomwe kuti sadzamva kwa ine amene ndidamuvotera. Adandikakamiza, "Madamu, tiuzeni inunso, ndinu a chimanga kapena a tambala?" koma sindidagwedezeke. Mphunzitsi akangoulula, theka la kalasi limatseka makutu ndipo theka linalo limasiya kuganiza. Tidagwirizananso kuti aliyense wobweretsa nkhani akhale wokonzeka kuyankha funso lakuti waimva kuti, ndipo lamuloli lindikhudze inenso.

Zimene agogo adaona

Ntchito yoyamba idali yakunyumba: aliyense apeze munthu wamkulu amene adavota pa riferendamu ya pa 14 June 1993, amufunse mmene zinthu zidalili kale ndi chimene adasankha, ngati angalole kunena. Zimene adabweretsa zidaposa buku. Kudali nkhani za khadi la chipani limene ayufi ankalifuna pachipata cha msika ndi pokwera basi, za amayi amene ankasiya kumunda kukavinira Ngwazi, za munthu amene adasowa atangolankhula mawu amodzi pamowa. Koma kudalinso agogo ambiri amene adauza adzukulu awo kuti nthawi ya Kamuzu kudali chakudya, misika ya ADMARC idali pafupi, umbava udali wochepa ndipo ana ankamva mwambo. Mtsikana wina adabwera ndi nkhani ziwiri zotsutsana zochokera m'nyumba imodzi: agogo aamuna adasankha tambala wakuda, agogo aakazi adasankha nyale osawauza amuna awo, ndipo adadzaulula patapita zaka.

Sindidakonze mawu a agogo a munthu aliyense. Ndidangolemba zaka pabolodi kuti nkhanizo zipeze pokhala: 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi; 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi. Mu April chaka chomwecho Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa riferendamu anthu oposa 63 pa 100 alionse adasankha ndale za zipani zambiri. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi wa UDF adapambana.

Zotsatira za 1994 zidadzutsa mtsutso. Muluzi adapeza mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, Chihana 19, aliyense akutola kwambiri m'chigawo chakwawo. Mnyamata wina adati, "Ndiye kuti Amalawife timangovotera kwathu, palibenso chophunzira apa." Ndidamuonetsa za 2009, pamene Bingu wa Mutharika adapeza pafupifupi 66 pa 100 alionse, mavoti akuchokera m'zigawo zonse zitatu, dziko litakolola bwino m'zaka za makuponi a feteleza. Sitidamalize mkanganowo, ndipo sindidafune kuti tiumalize. Chachikulu n'chakuti adayamba kukangana ndi manambala m'manja.

Chisankho cha m'kalasi

Apa ndi pamene padagona mtima wa ntchito yonse. Tidapanga chisankho chathu, koma ndidaletsa mayina, mitundu ndi zizindikiro za zipani zenizeni. Kulibe buluu, chikasu, chofiira kapena olenji. Zipani zidabadwa pa mavuto a pasukulu pomwepa: china chinkafuna zimbudzi za atsikana zikonzedwe n'kukhala ndi zitseko, china chinkafuna laibulale izitsegulidwa tikaweruka, chachitatu chinkalimbikira mpira ndi zamasewero. Chipani chilichonse chidalemba malamulo ake achidule, chidachita chisankho chachipulula chopezera woimira, ndipo chidalemba mfundo zake papepala limodzi, kuphatikizapo kumene ndalama zake zidzachokere. Funso la ndalamali ndi limene lidawatulutsa thukuta, ndipo ndidakondwa nalo, chifukwa ndi funso limene anthu akuluakulu safunsa pamsonkhano wa kampeni.

Ana ena asanu adakhala bungwe loyendetsa chisankho. Adalemba kaundula tsiku limodzi n'kumutseka. Mtsikana amene adajomba tsikulo chifukwa chodwazika mayi ake adabwera pa tsiku lovota n'kupeza dzina lake mulibe. Adalira ndi mkwiyo weniweni. A bungwe adakana kumulola ponena kuti lamulo ndi lamulo, kalasi idagawanika, ndipo ine ndidakhala chete mpaka iwo okha adafika pa mfundo yakuti kaundula amayenera kupachikidwa poyera nthawi ikadalipo kuti anthu akaone mayina awo. Ndidawauza kuti ndi zimene MEC imachita ikamaitana anthu kukatsimikiza mayina awo chisankho chisadafike, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya chiphaso cha unzika cha ku NRB imavuta chaka chilichonse cha chisankho.

Bokosi lidali katoni imene idaonetsedwa kwa onse kuti mulibe kanthu isadamatidwe. Chala ankachidetsa ndi inki ya maka. Povota munthu ankabisala kuseri kwa kabati. Kuwerenga kudachitika pompo, pepala lililonse likukwezedwa m'mwamba kuti mamonita alione. Padali pepala lina limene chizindikiro chake chidalowerera m'mabokosi awiri, lina lidalembedwa chipongwe, lina lidalibe kanthu. Mkangano wa mavoti owonongekawa udatenga nthawi yaitali kuposa kuwerenga konse, ndipo monita aliyense ankaona pepala lokayikitsalo molikokera kwake. Pomaliza woyang'anira adalemba zotsatira, mamonita adasaina. Ndidanena kamodzi kokha, osabwereza, kuti monita ali ndi ufulu wokopera zotsatirazo m'kope lake. A zipani ziwiri adakopera. A chipani cha mpira adali atathamangira kale panja.

Ndidatenga pepalalo n'kunena kuti ndikupita nalo kumalo owonkhetsera mavoti, kutanthauza ku ofesi ya aphunzitsi. Kumeneko, mogwirizana ndi ahedi amene ndidawafotokozera cholinga changa poyamba, ndidafufuta manambala awiri ndi Tipp-Ex n'kulembapo ena. M'mawa mwake ndidalengeza kuti chapambana ndi chipani cha laibulale, chimene chidali chachiwiri pakuwerenga kwa dzulo lake.

Kalasi idaphulika. Koma chidwi changa chidali pa kusiyana kwa madandaulo. A chipani cha mpira ankangokuwa kuti kwachitika chinyengo, osatha kunena kuti pati. Monita wa chipani cha zimbudzi, mtsikana wosalankhulalankhula, adaimirira ndi kope lake m'manja n'kunena kuti, "Madamu, pepani, dzulo tidasainira nambala ina. Tikupempha tione pepala lenilenilo." Nditalitulutsa adaliyang'anitsa padzuwa la pawindo, n'kuloza pamene padali poyera mokhuthala. Chimene chidandikhudza kwambiri ndi monita wa chipani cha laibulale, chimene ndidachipatsa chipambano chabodza. Adali ndi manambala olondola m'kope lake. Adakhala chete kanthawi anzake akumutsina kuti asalankhule, kenako adavomera kuti manambala a mnzakeyo ndi amene ali oona. Ndidaulula pomwepo kuti kufufutako ndidachita dala, ndipo ahedi adabwera kudzatsimikiza.

Tsopano nkhani ya 2019 sidafunenso kukokera. Pa chisankho cha pa 21 May chaka chimenecho, MEC idalengeza kuti Peter Mutharika wapeza 38.57 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 35.41 ndipo Chilima 20.24. Chilima ndi Chakwera adakadandaula kukhoti. Mlanduwo udamvedwa ndi majaji asanu ndipo unkaulutsidwa pawailesi ukumasuliridwa m'Chichewa, mwakuti ana ena ankakumbukira makolo awo atazungulira wailesi masana onse. Pa 3 February 2020 khoti lidafafaniza zotsatira za mtsogoleri wa dziko, litapeza mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena osasainidwa, ndi ena amene sadali oyambirira enieni. Khoti la Supreme lidagwirizana ndi chigamulocho pa 8 May, ndipo pa chisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020 Chakwera adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse. Mu Africa muno khoti lidali litachitapo zotere ku Kenya kokha, mu 2017. Ndidawakumbutsa kuti mlandu umenewu udayenda ndi mapepala amene mamonita adasunga, monga kope la mnzawo lija.

Khoti lomwelo lidagamula kuti wopambana upulezidenti azipeza mavoti oposa theka la ovota onse. Tidabwerera ku zotsatira zathu zenizeni n'kupeza kuti chipani cha zimbudzi, ngakhale chidatsogola, sichidafike theka. Tidachita chibwereza cha awiri otsogola, ndipo usiku umodzi wokha a mpira adayamba kunyengereredwa ndi mbali zonse ziwiri. Adamvetsa okha chifukwa chimene lamulo la 50+1 limakankhira zipani ku migwirizano ngati wa Tonse wa 2020, komanso chifukwa chimene migwirizano yotere imavutira kusunga chisankho chikatha. Mu 2014 Mutharika adalowa m'boma ndi 36.4 pa 100 alionse. Mu 2025 adapeza pafupifupi 57, Chakwera 33, ndipo sipadafunike chibwereza.

Funso lovuta kwambiri la teremu yonse lidabwera apa. Mnyamata wina adafunsa, "Madamu, kodi amene adali wapampando wa MEC mu 2019 si omwewa ali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko panopa?" Kalasi idati zii, maso onse kwa ine. Ndidayankha kuti inde. Jane Ansah adali wapampando wa MEC pa chisankho chimene khoti lidafafaniza, adatula pansi udindo mu May 2020, ndipo mu 2025 adaima limodzi ndi Mutharika, anthu n'kuwasankha. Zonsezi ndi zoona, ndidatero, ndipo palibe chimene chikufafaniza chinzake. Maganizo awo pankhaniyi ndi awo, koma ayenera kuwamanga pa zoona zonsezo, osati kutolapo chimodzi chowakomera. Mphunzitsi amene akanathawa funso limeneli akanawaphunzitsa kuti pali zoona zina zimene siziyenera kutchulidwa, ndipo limenelo ndi phunziro la nthawi ya chipani chimodzi.

Padachitikanso china chimene sindidachikonze. Woimira chipani cha laibulale adagawira anzake zitumbuwa tsiku loti mawa chibwereza. Nkhani itafika kubungwe, ndidawawerengera kuti lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa opikisana kugawa ndalama kapena mphatso pofuna mavoti, ngakhale kuti limalola zinthu za kampeni monga malaya ndi nsalu za chipani. Ambiri sadaone cholakwa. "Akakupatsa landira, m'chipinda chovotera umakhalamo wekha," adatero wina, ndipo anzake adaomba m'manja. Mtsikana wina adamuyankha kuti mayi ake akalandira kanthu kwa munthu amamva ngongole mumtima, sangamuponye. Wina adafunsa kuti munthu amene wamwaza ndalama zambiri pakampeni adzazibweza bwanji akalowa m'Nyumba ya Malamulo. Sindinganene kuti kalasi idasintha maganizo. M'chaka cha njala ndi kukwera mitengo kwa zinthu, kuuza mwana kuti kwawo akane thumba la ufa n'kovuta, ndipo ine sindidamuuze choncho. Ndidangoonetsetsa kuti funso la kubweza lija lalembedwa m'kope la aliyense.

Wailesi, nyuzipepala ndi WhatsApp

Ana a lero sakhulupirira kuti dziko lino lidakhala ndi wailesi imodzi yokha ya MBC kwa zaka pafupifupi 30, kuti kanema wa dziko lino adayamba mu 1999, ndiponso kuti kuyambira 1968 kudali bungwe lounika mabuku ndi mafilimu limene linkaletsa chilichonse chosakomera boma. Ndidayamba ndi mbiriyi kuti gawo 36 la malamulo aakulu a dziko, lonena za ufulu wa atolankhani, lisakhale nambala chabe.

Kenako ndidagawa kalasi m'magulu potengera midzi yawo. Gulu lililonse lidamvera nkhani za madzulo a tsiku limodzi pawailesi yosiyana ndi ya gulu lina, n'kulemba nkhani yoyamba, amene adapatsidwa mpata wolankhula ndi mawu ake, ndi amene adangotchulidwa osamveka. Titaika mapepalawo pamodzi, adadabwa kuti tsiku lomwelo lidaoneka ngati masiku osiyana. Nkhani imene wailesi ina idayamba nayo, ina idaiika kumapeto, ina sidaitchule n'komwe. Padalibe imene idanama. Ichi ndi chimene ndinkafuna achione, kuti kukondera nthawi zambiri sikukhala m'bodza ayi, kumakhala m'kusankha choyamba ndi chosiya.

Tidafunsanso kuti mwini wake ndani. MBC ndi ya boma, imayendera misonkho ya anthu, ndipo oonerera zisankho ochokera kunja, monga a European Union, akhala akulemba kuti imakomera chipani cholamula, posatengera kuti cholamulacho ndi chiti. Nyuzipepala ya The Nation idayambitsidwa mu 1993 ndi Aleke Banda, amene adali mkulu wa UDF. Kampani ya Times ili ndi mizu m'banja la Kamuzu Banda. Zodiak idayamba mu 2005 ndi Gospel Kazako, amene adadzakhala nduna ya zofalitsa nkhani mu 2020. Onse oulutsa mawu amatenga chiphaso ku MACRA. Ndidatsindika kuti kudziwa mwini sikutanthauza kuti atolankhani a kumeneko ndi abodza. Ambiri amagwira ntchito yabwino pamalipiro ochepa. Kumangothandiza womvera kudziwa mbali imene ayenera kutcherako khutu kawiri. Tidawerenganso tsamba la Tamvani, gulu lililonse n'kudula mzere pansi pa mawu amene ndi zochitika ndi kuzunguliza amene ndi maganizo a wolemba.

WhatsApp ndiye idali chimake cha mavuto. Ndidakopera papepala lalikulu mauthenga amene ana adabweretsa kuchokera m'mafoni a kwawo, nditachotsa mayina ndi manambala. Umodzi udali wa "zotsatira zomaliza" umene udazungulira usiku wa tsiku lovota lomwelo. Sindidafunikenso kulankhula. Ana omwe adawerenga okha mavoti a kalasi imodzi kwa nthawi yaitali adafunsa kuti mavoti a dziko lonse, a madera 229 a aphungu, angawonkhetsedwe bwanji usiku umodzi. Wina adatenga choko n'kuwonkhetsa maperesenti a mu uthengawo, n'kupeza kuti apitirira 100. Ndidawakumbutsa kuti lamulo limapatsa MEC masiku 8 olengezera zotsatira za mtsogoleri wa dziko, ndipo wapampando Annabel Mtalimanja adalengeza pa 24 September ku BICC ku Lilongwe, Chakwera atavomereza kale kugonja tsiku lomwelo. Uthenga wina udali wamawu, wa munthu wosatchula dzina amene ankati ali ndi m'bale wake "mkati mwenimweni". Funso lathu lija lakuti waimva kuti lidaugwetsa msanga.

Ana adafuna kuti tiunikenso mauthenga okhudza ngozi ya ndege ya ku Chikangawa ya pa 10 June 2024, imene idapha Chilima. Ndidakana. Kuno maliro amenewo sadathe m'mitima, ena mwa anawa adali m'mbali mwa msewu thupi likudutsa, ndipo chisoni cha anthu sichoyenera kuchisandutsa zoyeserera za m'kalasi. Ndidawauza chifukwa changa mosabisa, ndipo adachilandira.

Kholo lodandaula

Pakati pa teremu bambo wina adabwera kwa ahedi ndi dandaulo lakuti ana akuphunzitsidwa ndale m'malo mwa sukulu, ndipo mwana wawo wayamba kuwatsutsa akamamvera wailesi. Ahedi adandiitana. Bambowo adayamba ndi ulemu koma mawu akunjenjemera: "Aphunzitsi, ife tidakutumizirani mwana kuti adzakhoze Fomu 4, osati azidzatifunsa kuti nkhani taimva kuti." Ndidawaonetsa silabasi, makope a ana ndi mapepala a zipani za m'kalasi, kuti aone okha kuti mulibe dzina la chipani chenicheni chimene chikutamandidwa kapena kunyozedwa. Ndidawapempha kuti afunse mwana wawo ngati akudziwa chipani changa. Adaseka pang'ono n'kunena kuti adamufunsa kale, ndipo sakudziwa.

Dandaulo lawo silidali lopanda pake. Mwana wofunsa mafunso mopanda ulemu kunyumba amaononga zimene waphunzira. Ndidatenga phunziro limodzi kukambirana ndi kalasi za kafunsidwe: kuti kwa bambo ako sunena kuti "mukunama", umati "Bambo, kodi nkhaniyi yanenedwanso pawailesi ina?" Bambo aja adavomera kudzalankhula ndi kalasi za ntchito imene adagwirapo ngati monita wa chipani chawo pa chisankho china, atalonjeza kuti satchula chipanicho. Adafotokoza za kugona pamalo ovotera, kuwerenga mavoti ndi nyale, ndi kukana kusaina pepala limene nambala yake sinkagwirizana ndi imene adawerenga. Lidali limodzi mwa maphunziro abwino kwambiri a teremuyo.

Zotsatira ndi zotsala

Kumapeto ndidabwereza funso la tsiku loyamba lija. Ambiri ndithu adatha kulondola voti kuchokera m'bokosi, kuwerengedwa pamalo pomwepo, kusainidwa ndi mamonita, kupita kumalo owonkhetsera mavoti, mpaka kulengezedwa ndi MEC, ndipo adatchula malo amene chinyengo chingalowere ndi chimene chingachitseke. Pa mafunso a mtundu wa MANEB sadatsike; mayankho awo a ntchito za zipani ndi za ofalitsa nkhani adali ndi zitsanzo m'malo mwa mizere yoloweza. Palibe mwana amene ndikudziwa kuti adasintha chipani cha kwawo, ndipo chimenecho sichidali cholinga.

Zovuta zilipo. Ntchitoyi idadya maphunziro ambiri kuposa amene ndondomeko ya teremu idapereka ku mutuwu, mwakuti mitu ina ndidaithamangitsa, ndipo chisankho chenichenicho tidachitira madzulo tikaweruka, zimene zidavuta ana ochokera kutali. Phokoso la kampeni lidasokoneza makalasi oyandikana nafe. Mphunzitsi wofuna kuyesa njira ya Tipp-Ex ija asayerekeze kuichita ahedi asakudziwa, ndipo aulule tsiku lomwelo, chifukwa ana akagona ndi mkwiyo umafika kwa makolo usadafotokozedwe.

Nkhani ya atsikana ndi imene ikundivutabe. Iwo ndi amene adagwira bwino ntchito ya umonita ndi ya bungwe loyendetsa chisankho, koma pa zisankho zachipulula palibe chipani chimene chidasankha mtsikana kukhala woimira, ngakhale chija cha zimbudzi za atsikana. Nditafunsa, atsikana omwe adati mnyamata ndi amene "angamveke". Ndidawatchulira Joyce Banda, amene adalamula dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014, ndi Catherine Gotani Hara, mayi woyamba kukhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019, koma mayina okha sadasunthe kanthu. Teremu ikubwerayi ndikufuna chisankho cha mapulifekiti chiyende ndi ndondomeko yomweyi pasukulu yonse, ndipo ndapempha ahedi kuti mpando wa mkulu wa ophunzira ukhale wotseguka kwa onse m'malo mogawiratu wa anyamata ndi wa atsikana.

Chinanso chimene mayeso omaliza adaonetsa n'chakuti ana amadziwa mayina a atsogoleri a zipani zonse, koma ochepa kwambiri ndi amene amadziwa dzina la khansala wa dera lawo kapena kusiyanitsa ntchito yake ndi ya phungu, ngakhale kuti kuyambira 2014 timavotera khansala, phungu ndi mtsogoleri wa dziko tsiku limodzi. Ambiri adalemba kuti ntchito ya phungu ndi kugula mabokosi a maliro ndi kumanga milatho. Ndalembera kalata ofesi ya m'boma lino ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wa nzika, kupempha kuti adzatithandize pa mutu wa makhonsolo, ndipo gulu lililonse lapatsidwa kale ntchito yokafufuza patchuthi kuti komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwawo imakumana liti ndiponso amakhalamo ndani.